Wilo lachitsulo pa njanji yachitsulo: chifukwa chake sitima zimachita zimene zimachita

Nkhani za njanji zikamveka, nthawi zambiri zimasiya anthu ali ndi mafunso. Dziko lina lamanga njanji yatsopano moyandikana ndi yakale, koma sitima za pa njanji yakaleyo sizingadutse pa yatsopanoyo. Kwina sitima zalamulidwa kuchepetsa liwiro chifukwa kunja kwatentha kwambiri. Kwinanso dalaivala anaiona galimoto itaima pa njanji akadali patali, anamanga mabuleki, komabe anakaigunda. Zambiri mwa zimenezi gwero lake ndi limodzi: sitima ndi wilo lachitsulo logubuduzika pa chitsulo chinzake. Ubwino wa njanji umachokera pamenepo, ndipo malire ake amachokeranso pomwepo.

Pamene wilo limakhudza njanji

Malo amene wilo limagunda njanji ndi aang'ono zedi, pafupifupi sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi momwe. Kamalo kameneka kamasenza matani 10 kapena kuposerapo. Popeza chitsulo sichiphwatalala chikalemedwa ngati tayala la galimoto, wilo limagubuduzika mosavuta, ndipo mphamvu yokokera tani imodzi pa njanji imachepa kangapo poyerekeza ndi ya pamsewu. N'chifukwa chake mu 2001, kumadzulo kwa Australia, mainjini 8 okha anakoka mabogi 682 a miyala ya chitsulo, sitima yotalika makilomita 7.3.

Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimaletsa sitima kuchoka pa njanji ndi mlomo wotuluka umene uli m'mphepete mwa wilo kumbali ya mkati. Mlomowo ndi chitetezo chomaliza chabe. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi kasemedwe ka wilolo. Mawilo awiri, la kumanja ndi la kumanzere, amamangidwa pa ekiselo imodzi, chitsulo chowalumikiza, ndipo amazungulira limodzi, pomwe pokhota wilo la kunja liyenera kuyenda mtunda wautali kuposa la mkati. Pofuna kuthetsa vutoli, wilo limasemedwa mopendekeka pang'ono, lonenepa cha mkati ndi locheperako cha kunja, kawirikawiri milimita imodzi pa mamilimita 20 aliwonse. Mukagoneka ndowa pansi n'kuikankha, siipita molunjika, imakhotera kumbali yake yaing'ono. Mawilo a sitima amachitanso chimodzimodzi. Pokhota, amasunthira pang'ono kunja, wilo la kunja limayendera pamene lili lonenepa, la mkati pamene lili lochepa, ndipo sitima imakhota yokha.

Kulira kwa zitsulo kumene kumamveka pokhota kwambiri kumasonyeza kuti kasemedwe kaja kachepa, mawilo ayamba kukhuluzika ndipo mlomo ukukanda njanji. Pamalo otere amaika tizipangizo topaka girisi m'mbali mwa njanji. Vuto lina limabwera pa liwiro lalikulu: mawilo akadyeka amayamba kusunthira uku ndi uku mosalekeza, bogi lonse n'kumagwedezeka. Mankhwala ake ndi kuwasemanso mawilowo pa makina mpaka abwerere mwakale.

Chifukwa chake njanji imazemba mapiri

Kusavuta kugubuduzika kuja kuli ndi mtengo wake. Chitsulo sichigwira chitsulo chinzake mwamphamvu. Pa njanji youma, injini imatha kukoka ndi mphamvu yofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a kulemera kumene kuli pa mawilo ake. Njanji ikanyowa, ikadontheredwa mafuta, kapena masamba akaphwanyikirapo n'kusanduka phala loterera, mphamvuyo imatsika kwambiri, mawilo n'kumangozungulira pamalo amodzi. Ndiye chifukwa chake injini imakhala ndi mabokosi a mchenga wouma ndi timapaipi touthira patsogolo penipeni pa mawilo. Njira imeneyi ndi yakale kwambiri, ndipo mainjini amakono amaigwiritsabe ntchito.

Njanji zikuluzikulu zonyamula katundu zimayesetsa kuti zisakwere kuposa mita imodzi pa mamita 100 aliwonse. Chikweza cha Lickey ku England chimakwera mita imodzi pa mamita pafupifupi 38, mtunda umene galimoto siingaumve n'komwe, koma sitima zolemera zakhala zikufuna injini ina yokankha kumbuyo. Amisiri akakumana ndi phiri amakhala ndi njira zitatu: kulizungulira, kuliboola, kapena kuika mano. Njanji yakale ya Gotthard ku Switzerland, ya mu 1882, imakwera pozungulira m'kati mwa phiri, moti apaulendo amaliona tchalitchi la ku Wassen katatu kuchokera mbali zosiyana. Mu 2016 anatsegula ngalande yatsopano ya makilomita 57 yoboola pansi penipeni pa phirilo, kuti sitima zisamakwerenso. Njira ya mano ndi ya pa phiri la Pilatus, m'dziko lomwelo, kumene kuyambira 1889 sitima imakwera mpaka mamita 48 pa mamita 100 pogwira chitsulo cha mano chapakati pa njanji.

Kutalika kwa malo pakokha si vuto, bola kukwerako kukhale kwa pang'onopang'ono. Njanji yopita ku Lhasa ku Tibet, yotsegulidwa mu 2006, imafika mamita 5,072 pamwamba pa nyanja, ndipo m'mabogi amawonjezeramo mpweya woti anthu apume bwino.

Kuimitsa sitima

Kuterera komweko kumachititsa kuti sitima isaime msanga. Sitima yolemera ya katundu yothamanga makilomita 90 pa ola imafuna kilomita imodzi ndi theka kapena kuposerapo kuti iime. Kumanga mabuleki mopitirira muyeso sikuthandiza: wilo likasiya kuzungulira n'kumakhuluzika, limadyeka malo amodzi, ndipo pambuyo pake limamenya njanji ngati hamala nthawi iliyonse likazungulira.

Kale bogi lililonse linali ndi buleki yakeyake yomangidwa ndi manja, ndipo anthu ankathamanga pamwamba pa mabogi dalaivala akaliza wezulo. George Westinghouse wa ku America anabweretsa mabuleki a mpweya mu 1869, ndipo mu 1872 anawakonza m'njira imene ikugwirabe ntchito lero. Paipi imodzi imadutsa sitima yonse, yodzaza ndi mpweya wopanikizidwa. Bogi lililonse lili ndi thanki yake ya mpweya ndi valavu, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya. Nzeru yake ili apa: mpweya ukakhala wodzaza m'paipi, mabuleki amakhala omasuka. Dalaivala akafuna kuima amatulutsa mpweya wina m'paipimo, valavu ya bogi lililonse imamva kuchepako, n'kutsegulira mpweya wa m'thanki kuti ukakankhe mabuleki. Choncho sitima ikaduka pakati, paipi imaduka nayo, mpweya umathawa, ndipo zigawo zonse ziwiri zimaima zokha.

Kufunika kwa zimenezi kunaoneka mu 1889 ku Armagh, ku Ireland. Sitima inalephera kukwera chitunda, anaidula pakati kuti aikweze m'zigawo, ndipo mabogi akumbuyo, amene mabuleki ake ankamasuka paipi ikadulidwa, anabwerera m'mbuyo n'kukagundana ndi sitima ina. Anthu 80 anafa, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Britain inalamula kuti sitima zonse za anthu zikhale ndi mabuleki odzimanga okha.

Mabuleki a mpweya ali ndi zofooka zitatu zimene dalaivala aliyense amaphunzitsidwa. Pa sitima yaitali, uthenga wa mpweya umatenga masekondi angapo kuti ufike kumchira, ndiye mabogi akumbuyo amakankha akutsogolo. Pamtsetse wautali, kumanga ndi kumasula mabuleki pafupipafupi kumatha mpweya m'mathanki asanadzazidwenso. Chachitatu ndi choopsa kwambiri: sitima ikasiyidwa injini itazimitsidwa, mpweya umatuluka pang'onopang'ono m'malo olumikizira, ndipo chotsala chogwira sitimayo ndi mabuleki a manja okha. Ngozi ya ku Lac-Mégantic ku Canada mu 2013, imene inapha anthu 47, inachitika motero. Sitima ya mafuta inasiyidwa pamtsetse usiku, mabuleki a manja omangidwa anali osakwanira, mpweya unatha, ndipo inatsetsereka yopanda munthu mpaka m'tauni.

Ndani amauza dalaivala kuti njira ili bwino

Popeza dalaivala sangaime mkati mwa mtunda umene maso ake akuona, ndiponso sangapatuke, pamafunika wina womuuza za kutsogolo. Njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo ndi lakuti m'chigawo chimodzi mukhale sitima imodzi basi. Mu 1872 William Robinson wa ku America anapeza njira yoti njanji izidziwa yokha ngati pali sitima: magetsi ochepa amadutsa m'zitsulo ziwirizo, ndipo mawilo akalowa m'chigawocho amalumikiza zitsulozo, nyale n'kusanduka yofiira. Chitsulo chikathyoka kapena waya akaduka, nyale imafiiranso. Njira imeneyi imalephera ngati dzimbiri, masamba kapena mchenga wambiri waletsa wilo kukhudza bwino njanji. Pa njanji ya mzere umodzi, njira yakale inali kupatsa dalaivala ndodo kapena kachitsulo kapadera, ndipo wopanda chimenecho sankaloledwa kulowa m'chigawocho.

Ngakhale nthawi imene timayendera inakonzedwa ndi njanji. Kale tauni iliyonse inkatchera wotchi yake potengera dzuwa, zimene zinkasokoneza ndandanda ya sitima. Makampani a njanji a ku United States ndi Canada anagwirizana zogawa nthawi m'zigawo pa 18 November 1883, boma lisanakhazikitse lamulo lake.

Geji: mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri

Apa ndi pamene pamasokoneza anthu kwambiri. Geji ndi mtunda wa pakati pa mbali zam'kati za zitsulo ziwiri za njanji. Popeza mawilo ndi omangidwa pa ekiselo ndipo sasuntha, sitima imayenda pa geji yake yokha.

Njanji zoposa theka padziko lonse zili ndi mpata wa mamilimita 1,435. Muyeso umenewu sunachokere ku masamu aliwonse. George Stephenson anautenga ku tinjanji ta m'migodi ya malasha kumpoto kwa England, kumene mahatchi ankakoka ngolo, ndipo anaugwiritsa ntchito pa njanji ya Liverpool ndi Manchester mu 1830. Mmisiri wina, Isambard Kingdom Brunel, anasankha mamilimita 2,140 pa njanji ya Great Western, ponena kuti mpata waukulu umapatsa sitima liwiro ndi kukhazikika. Sitima zake zinkathamangadi, koma njanji za Stephenson zinali zitafalikira kale. Pamene ziwirizi zinkakumana, monga ku Gloucester, katundu yense ankatsitsidwa n'kukwezedwanso. Lamulo la mu 1846 linasankha geji ya Stephenson, ndipo njanji yomaliza ya Brunel inasinthidwa mu 1892.

Maiko ena anatsata njira zawo. Russia ndi maiko amene anali mu Soviet Union ali ndi 1,520, ndipo pa geji imeneyi ndi pamene pali ulendo wa makilomita 9,289 wochokera ku Moscow kukafika ku Vladivostok. Spain ndi Portugal ali ndi 1,668, India 1,676, Ireland 1,600. Kum'mwera kwa Africa, ku Japan, ku Indonesia ndi ku New Zealand kuli 1,067, pomwe njanji zakale za ku Kenya, Uganda ndi Thailand zili ndi mita imodzi yeniyeni. Geji yaing'ono inkasankhidwa kwambiri chifukwa cha ndalama: imalola kukhota mwamsanga, ndiye m'mapiri simufunika kukumba kwambiri kapena kumanga milatho ikuluikulu. Australia ndiye chitsanzo chowawa, chifukwa zigawo zake zinasankha mageji atatu osiyana. Mpaka 1962, woyenda pakati pa Sydney ndi Melbourne ankayenera kusintha sitima pa siteshoni ya Albury.

Mageji awiri akakumana pamakhala njira zinayi. Yoyamba ndi kusamutsa katundu, zimene makontena ndi makireni anazipeputsa. Yachiwiri ndi kunyamula bogi lonse ndi majeke, kuchotsa chimango cha mawilo n'kulowetsa china, monga akhala akuchitira ku Brest pakati pa Belarus ndi Poland, ndi ku Erenhot pakati pa China ndi Mongolia. Ntchitoyi imadya maola. Yachitatu ndi kuyala chitsulo chachitatu kuti njanji imodzi itenge mageji awiri, koma zimatheka pokhapokha mageji akasiyana mokwanira. Pakati pa 1,435 ndi 1,520 mpata ndi wochepa kwambiri, ndiye pamafunika zitsulo zinayi. Yachinayi ndi mawilo osuntha: kuyambira 1969 sitima za Talgo za ku Spain zimadutsa pang'onopang'ono pa makina amene amamasula mawilo, kuwasuntha, n'kuwatsekanso.

Palinso njira yongosintha njanji yonse. Kum'mwera kwa United States anachita zimenezi m'masiku awiri, kuyambira pa 31 May 1886. Anakonzekeratu pokhomera misomali pamalo atsopano, ndipo tsikulo magulu a anthu anangosuntha chitsulo chimodzi mainchesi atatu pa mtunda wa makilomita masauzande ambiri. India anayamba ntchito yofanana nayo mu 1992, koma pang'onopang'ono, kusandutsa njanji zazing'ono kukhala za 1,676.

Mfundo imene imasowa m'mikangano yambiri ndi yakuti geji yaing'ono sikutanthauza njanji yofooka. Njanji ya Sishen kupita ku Saldanha ku South Africa, ya makilomita 861, ndi ya 1,067, koma imanyamula sitima za mabogi oposa 300 a miyala ya chitsulo. Chimene chimalamula kulemera kwa katundu ndi mphamvu ya zitsulo, milatho ndi nthaka yapansi, ndipo chimene chimalamula liwiro kwenikweni ndi makhona. Komanso kufanana kwa geji sikokwanira. Britain ndi France ali ndi geji imodzi, koma ngalande ndi milatho yambiri ya ku Britain ndi yaing'ono, moti mabogi ambiri a ku France sangakwanemo.

Mitundu itatu ya mutu wa sitima

Injini yoyamba ya nthunzi yoyenda pa njanji inali ya Richard Trevithick, ku Wales mu 1804. Inakoka katundu bwinobwino koma inkathyola njanji chifukwa cha kulemera. Injini ya nthunzi imawotcha malasha, kuwiritsa madzi, ndipo nthunziyo imakankha mapisitoni olumikizidwa ku mawilo. Yothamanga kwambiri inali Mallard ya ku Britain, imene inafika makilomita 203 pa ola mu 1938. Chinaithetsa nthunzi ndi kuwononga: mphamvu yofika ku mawilo inali yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya m'malasha, ndipo injini inkafuna maola kuti itenthe, madzi pafupipafupi, ndi kuchotsedwa phulusa tsiku ndi tsiku.

Injini zazikulu za dizilo, kunena zoona, ndi za magetsi. Dizilo imazunguza jenereta, ndipo magetsiwo amapita ku mamota amene ali pa ekiselo iliyonse. Amachita zimenezi chifukwa mota ya magetsi imakoka mwamphamvu kuyambira sitima ili chiimire, ntchito imene kilachi ndi magiya sizikanaipirira. Pamtsetse mamota omwewo amasandutsidwa majenereta kuti agwire sitima, ndipo mabuleki a mpweya amapuma.

Injini ya magetsi okhaokha imatenga mphamvu ku waya wa pamwamba kapena ku chitsulo chachitatu cham'mbali. Siemens anaonetsa yoyamba ku Berlin mu 1879. Ndi yopepuka, yamphamvu, ndipo ikamamanga mabuleki imatha kubweza magetsi ku waya. Japan anatsegula Shinkansen, sitima zothamanga kwambiri, pakati pa Tokyo ndi Osaka mu 1964, pa njanji yatsopano ya 1,435 m'dziko la 1,067, ndipo sitima ya TGV ya ku France inafika makilomita 574.8 pa ola poyesedwa mu 2007. Koma apanso maiko sanagwirizane. Njanji zatsopano zambiri zimagwiritsa ntchito magetsi a mphamvu ya mavolti 25,000, Germany ndi Switzerland 15,000, njanji zakale za ku Italy ndi Poland 3,000, Netherlands 1,500. Sitima yodutsa malire iyenera kunyamula zipangizo za mitundu yonse imene ikakumane nayo.

Njanji ndi dzuwa

Chitsulo chimatalika chikatentha: mamita 100 a njanji amawonjezera mamilimita pafupifupi 11 kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Kale ankasiya timipata pakati pa zidutswa za njanji, ndipo n'kumene kunkachokera kaphokoso kodziwika ka sitima kaja. Koma pa mfundo zimenezo ndi pamene zitsulo zinkadyeka ndi kuthyoka. Lero zitsulo zimawotcheredwa kukhala chimodzi chachitali makilomita ambiri, ndipo sichiloledwa kutalika: chimamangidwa zolimba pa mitanda ya konkire, mitandayo n'kukwiriridwa m'miyala yophwanya yokhala ndi nsonga kuti igwirane.

Poyala njanji, amisiri amakoka chitsulo kuti chikhale chomasuka pa kutentha kumene asankha, monga madigiri 27 ku Britain. Kukatentha kuposa pamenepo chitsulo chimadzikankha chokha, ndipo padzuwa chimatha kutentha madigiri 20 kuposa mpweya. Miyala ikachepa, kapena ikakhala itangosokonezedwa kumene pokonza, njanji imapindika mwadzidzidzi, kawirikawiri pansi pa sitima imene ikudutsa. Kuchepetsa liwiro kumachepetsa kugwedeza kumene kumayambitsa kupindikako. Kukazizira kwambiri vuto limatembenuka, chitsulo chimadzikoka mpaka kuduka.

Mafunso amene adakalipo

Funso loyamba ndi la maiko amene ali ndi geji yaing'ono: akonze njanji imene ali nayo, kapena amange ya 1,435? Kenya anatsegula ya 1,435 pakati pa Mombasa ndi Nairobi mu 2017, Ethiopia ndi Djibouti anamanganso yawo, ndipo Tanzania anayamba kuyendetsa sitima zamagetsi pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma mu 2024. Ogwirizana nazo amati njanji yatsopano ndi yowongoka, yothamanga, ndipo zipangizo zake zimapezeka mosavuta pamsika. Otsutsa amaloza ngongole, ndiponso kuti njanji yatsopano siilumikizana ndi za maiko oyandikana nawo. Tanzania tsopano ili ndi mageji atatu, kuphatikizapo 1,067 ya TAZARA yopita ku Kapiri Mposhi ku Zambia. Ku Ulaya nkhani yomweyi ilipo pa Rail Baltica, njanji ya 1,435 imene ikumangidwa kudutsa Estonia, Latvia ndi Lithuania, maiko a geji ya 1,520.

Lachiwiri ndi la chimene chidzalowe m'malo mwa dizilo. Mawaya a pamwamba amabweza ndalama zake pa njanji yodutsa sitima zambiri, koma osati pa njanji ya sitima ziwiri patsiku. Mabatire ndi mpweya wa haidrojeni zayesedwa, ndipo sitima za anthu za haidrojeni zinayamba kuyenda ku Germany mu 2018, koma sizinasonyezebe kuti zingakoke katundu wolemera pa mtunda wautali pa mtengo wopikisana ndi dizilo.

Lachitatu likukhudza kutentha. Kukweza muyeso wa kutentha umene chitsulo chimamangidwira kumateteza njanji m'chilimwe koma kumawonjezera kuduka nyengo yozizira, ndipo kusintha muyesowo kumafuna kumasula ndi kukokanso njanji kilomita ndi kilomita. Makampani a njanji m'maiko amene nyengo zonse ziwiri zimafika poipa akuyesabe kupeza kuti muyeso woyenera uli pati, ndiponso kuti ndalama za ntchito yaikulu chotere zichokera kuti.